Foni m'ndege: malizani zokamba zanu mudakali pansi

Ulendo wanga woyamba wa pandege ndinachita manyazi tisanachoke n'komwe pa Lumbadzi. Zitseko atseka, ndege yayamba kusuntha, lamba ndamanga, basi foni n'kulira m'chikwama. Anali achimwene anga a ku Kasungu. Munthu wamkulu akaimba sungangoyang'ana, ndiye ndinayankha. "Mwanyamuka kodi, achemwali?" Ine ndi mawu anga a pamsika: "Eee, tikunyamuka kumene, achimwene, chindege chake chachikulu zedi!" Ndisanamalize, mtsikana wotumikira m'ndegemo anali ataima kale pambali panga. "Amayi, chonde, foniyo." Anthu onse a mizere yakutsogolo anacheuka.

Musandiseke kwambiri. Nditasiya uphunzitsi ndinayenda pa basi zaka 11 kukaoda zovala ndi nsapato ku Johannesburg, ndipo pa basi foni ndi moyo. Pa Mwanza umaimba, pa Nyamapanda umaimba, pa Beitbridge mukachezera pamzere umaimbanso. Uyu akulalatira mwamuna wake, uyo akutsatsa malonda, wina akulongosola za chinkhoswe cha mphwake. Palibe wodandaula, poti basi imaima, umatsika, umawongola miyendo, ukatopa naye munthu umakasinthana mpando ndi wina. Ine ndinkaona ngati ndege ndi basi yamapiko.

Pano mwana wanga wamkazi ndi namwino ku England, ndipo njira ya Lilongwe, Addis Ababa, London ndaiyenda kokwanira moti amayi anzanga a ku mvano akamapita kukaona ana awo amayamba adzandifunsa. Funso lawo loyamba silikhala la pasipoti kapena la zovala za kuzizira. Limakhala lakuti, "Nanga akunyumba ndiziwauza bwanji kuti ndili pati?"

Amatiletseranji?

Ambiri amakhulupirira kuti foni imodzi ikalira, ndege igwa. Si choncho ayi. Munaikapo foni pafupi ndi wailesi, wailesiyo n'kuyamba kuti tititi, tititi, foni isanaitane? Kaphokoso kotere kangathe kulowa m'mahedifoni a woyendetsa ndege pamene akumvera malangizo ochokera pansi, ndipo ponyamuka ndi potera si nthawi yoti munthu azifunsa kuti "mwati bwanji?"

Chifukwa china n'cha pansi pano. Netiweki anaikonza kuti foni izilankhula ndi nsanja zapafupi. Ikakwera m'mwamba imaona nsanja zambirimbiri nthawi imodzi, n'kumalumpha kuchoka pa ina kupita pa ina pa liwiro la makilomita oposa 800 pa ola. N'chifukwa chake ku America amene analetsa kuimba foni m'mwamba mu 1991 sanali a zandege, koma bungwe la FCC, lomwe ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kwathu kuno. Ndipotu ndege ikafika mamita 10,000, netiweki ya pansi simuipezanso. Foni imangovutika kusakasaka, batire n'kumatha pachabe.

Uphunzitsi sutha, ndiye nditachititsidwa manyazi tsiku lija ndinakazifufuza bwinobwino. Ndinapeza kuti vuto la makina analithetsa kalekale. Amaika kansanja kakang'ono m'ndege momwemo, mafoni n'kumalankhula ndi kansanjako motsitsa mphamvu, ikono n'kumatumiza mawuwo pansi kudzera pa setilaiti. Mu March 2008, pa ndege ya Emirates yochoka ku Dubai kupita ku Casablanca, anthu anaimba mafoni awoawo mololedwa. Chaka chomwecho mayiko a European Union anavomereza makinawa, bola aziyatsidwa ndege ikadutsa mamita 3,000, komwe ndi kutalika kwa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Mu 2022 anatsegulanso njira ya 5G m'ndege.

Ku America nkhani inapita kwina. Mu October 2013 a FAA, oyang'anira zandege, analola kuti anthu azigwiritsa ntchito mafoni ndi matabuleti ulendo wonse, bola akhale pa flight mode, kutanthauza kuti foni yayaka koma netiweki yatsekedwa. Mu December chaka chomwecho a FCC anati tiyeni tione ngati chiletso cha 1991 chikufunikabe. Anthu anakwiya. Mabungwe a ogwira ntchito m'ndege anakana kwamtuwagalu, ponena kuti iwo ndi amene azileretsa ndewu za m'mwambazo. Ngakhale Tom Wheeler, yemwe ankatsogolera FCC panthawiyo, anavomera kuti iyenso sangakonde kuti anthu aziimba mafoni m'ndege. Mu 2018 aphungu a dzikolo anakhazikitsa lamulo louza boma kuti liletse okwera ndege kuimba mafoni m'mwamba, ndipo mu 2020 a FCC anaitseka nkhani yawo ija.

Ndiye mukuona kuti mkangano watsalawu si wa makina, ndi wa anthu. Ine mbali yanga ndi yodziwika. Wokhala naye pafupi m'ndege alibe kothawira. Mapewa anu akugundana kwa maola 8, sangatsike, sangatsegule zenera, mpando wina palibe. Kumumvetsa nkhani za ngongole yanu ya banki m'khonde usiku wonse ndi nkhanza, ngakhale lamulo litakulolani.

Dzulo lake

Sankhani munthu mmodzi m'banja, mmodzi yekha, wodekha komanso amene foni yake sikhala yozima. Mupatseni nambala ya ndege iliyonse imene mukwere. Imakhala pa tikiti, zilembo ziwiri ndi manambala: ya Ethiopian Airlines imayamba ndi ET, ya Kenya Airways ndi KQ. Akailemba pa tsamba la intaneti la Flightradar24, aziona kandege kanu kakuyenda pamapu, kaya muli pamwamba pa Tanzania kaya pa Egypt. Mdzukulu wanga wa mu Form 2 ndi amene amagwira ntchito imeneyi, ndipo amaigwira monyadira kuposa m'mene amatsukira mbale. Ena onse, azakhali, alamu, a kumpingo, azifunsa kwa iyeyo.

Mulongosolereni za maola, chifukwa apa ndi pamene mitima ya anthu imathamanga popanda chifukwa. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amenewo, osati ya kwathu. Johannesburg nthawi ndi yofanana ndi kwathu. Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola 2. London ali m'mbuyo ndi maola 2 kuyambira kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March, miyezi inayo ndi ola limodzi. Tikiti ikati mutera ku London 6 koloko m'mawa mu December, kwathu ikhala ili 8 koloko. Mukapanda kunena zimenezi, pofika 7 koloko pagulu la WhatsApp la banja mapemphero ayamba kale. Muwonjezerenso maola 2 a mzere wa pasipoti ndi kudikira katundu. Auzeni mosabisa kuti kukhala chete kwanu si ngozi.

Ndidutseko pang'ono pa za Addis Ababa. Anthu a ku Ethiopia ali ndi kawerengedwe kawo ka maola koyambira m'bandakucha, moti 7 koloko m'mawa iwo amati 1 koloko. Mukafunsa nthawi kwa wogulitsa tiyi akhoza kukuyankhani m'kawerengedwe kameneko. Khulupirirani zikwangwani zowala za pabwalo, zimenezo zimalemba nthawi imene ili pa tikiti yanu.

Dzulo lomwelo koperani mufoni zonse zimene mudzafune popanda intaneti: tikiti, adiresi ya kumene mukupita, nyimbo za kwaya, maulaliki. Nambala ya wodzakuchingamirani muilembenso papepala ndi bolopeni, n'kuika mkati mwa pasipoti. Foni imazima, pepala silizima.

Pachipata

Foni yomaliza imbani muli pampando wodikirira, asanaitane kuti mukwere. Tsanzikanani mokwanira pamenepo, malangizo a nkhuku, a makiyi, a fizi ya ana, onse atheretu. Mukalowa m'ndege n'kuyamba kuimba mutaima pakanjira, chikwama chili paphewa, mumatsekereza anthu 100 kumbuyo kwanu.

Musanaike flight mode, yambani mwatseka data roaming, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito intaneti ya netiweki zachilendo. Apa mverani bwino, chifukwa ndi pamene ndalama zimapita. Ndege zina zili ndi kansanja kaja ndanena, ndipo foni yosatsekedwa imadzilumikiza yokha, pamwamba n'kulemba dzina lachilendo ngati AeroMobile. Netiweki imeneyi siidziwa bandulo yanu. Imawerengera mtengo wakewake wodula kwambiri, ndipo kuyankha foni nakonso amalipiritsa. Mnzanga wina anaika mayunitsi ambiri kuti akagwiritse ntchito akafika, osatseka kanthu. Iye ali mtulo, foni inali kalikiliki kukopera zithunzi ndi mavidiyo a pagulu la ukwati. Anatera alibe ngakhale yoflashira.

Kenako dinani kachizindikiro ka kandege kaja. Kuchotsa mawu kuti foni isalire si flight mode, ndaona ambiri akusokoneza ziwirizi. Onetsetsani kuti timizere ta netiweki tazimiririka. Ngati muli ndi kafoni kachiwiri ka mabatani m'chikwama, kazimitseni kotheratu, poti tina tilibe flight mode, ndipo kalamu kake kamakonda kulira anthu ali mtulo.

Zimene alengeze ogwira ntchito m'ndege ndizo lamulo la tsiku limenelo. Kampani iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo zoti "ulendo watha anatilola" sizikuthandizani.

M'mwamba

Ndege zambiri za maulendo ataliatali pano zili ndi wifi, ndipo mungathe kuyatsa wifi foni ili pa flight mode. Kwina amagulitsa, kwina kulemba mauthenga n'kwaulere, ndipo Qatar Airways inayamba kuika intaneti ya setilaiti ya Starlink m'ndege zake mu October 2024. Koma wifi si chilolezo choimba. Makampani ambiri amalemba poyera kuti kuimba kwa mawu kapena kwa vidiyo, kaya pa WhatsApp kaya pa Messenger, n'koletsedwa. Werengani tsamba limene limatseguka mukamalumikiza, kapena funsani wotumikira.

Lembani. Ife anthu a voice note zimativuta, ndikudziwa, ineyo ndimatha kujambula ya mphindi 6 nkhani yake ili yongopereka moni. Koma kujambula voice note m'ndege ndi kuimba foni komwe, kungoti winayo sakuyankha. Ngati zala zanu n'zolemera, jambulani mudakali pachipata. Ngati palibe wifi, lembanibe. Uthengawo ukhala ndi kawotchi pambali pake, ndipo upita wokha foni ikangopeza intaneti. Ine ndimalemberatu wanga tili m'mwamba: "Ndatera bwino, ndiimba ndikatuluka." Mauthenga a mawu amene ena akutumizirani mverani pa mahedifoni, osati pa sipika. Ana nawonso timasewera tawo tikhale topanda mawu.

Za batire ndinene mwachidule. Power bank siloledwa mu sutikesi yopita pansi pa ndege, iyenera kukhala nanu m'chikwama cha m'manja. Malire amene makampani ambiri amatsata popanda kupempha chilolezo ndi 100 Wh, ndipo ya 20,000 mAh imene ambiri tili nayo ili cha m'ma 74 Wh. Ngati manambala ake anafufutika akhoza kukulandani pachipata. Mu January 2025 ndege ya Air Busan inapsa ku South Korea isananyamuke, anthu onse anapulumuka, ndipo ofufuza analoza power bank imene inali m'kabati ya pamwamba. Kuchokera pamenepo makampani angapo anakhwimitsa malamulo. Emirates, kuyambira October 2025, imalola kuinyamula koma osati kuigwiritsa ntchito m'ndege. Ndiye tchajani foni idzaze musanakwere. Foni ikagwera m'kati mwa mpando, musasunthe mpandowo, mungaiphwanye batire n'kuyaka. Itanani wotumikira.

Mnzanu wa pambali akayamba kuimba

Zinandichitikira usiku wina pa ndege imene sinditchula. Magetsi azimitsa, anthu afunda mabulangete, bambo wa pambali panga wagula wifi n'kuyamba kuimba pa vidiyo. Chinenero chake sindinkachimva, koma mkangano umamveka m'chinenero chilichonse. Kuwala kwa foni yake kuli pankhope panga, chigongono chake chikundibaya akamatsindika mfundo. Ndinapirira mphindi 20, n'kumadziuza kuti mwina ndi nkhani ya matenda. Atayamba kuseka ndinadziwa kuti si matenda.

Ndinalakwitsa poyamba. Ndinamuyang'ana ndi diso la uphunzitsi lija limene linkatontholetsa ana 90 m'kalasi. Silinagwire. Ndinatsonya. Sanamve. Chimene chinathandiza ndi chimene ndikanayambira: ndinadzuka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kukauza wotumikira kumbuyo kuja motsitsa mawu, kutchula nambala ya mpando basi. Patapita kanthawi anadutsa ngati akungoyendera anthu, anawerama, ananong'oneza bamboyo, foni n'kuzima. Bamboyo sanadziwe kuti ndine ndinanena, ndipo m'mawa tinapatsirana shuga wa tiyi bwinobwino.

Chitani choncho. Musakangane naye nokha, musamujambule kuti mukaike pa Facebook, musagwire foni yake. Mukhala naye mpaka kutera. Ngati ndegeyo imalola kuimba, wotumikira angathebe kumupempha kuti atsitse mawu kapena kukupezerani mpando wina ukakhalapo. Ndipo tizotseka m'makutu ta siponji timagulitsidwa motchipa m'mafamase, ine sindikwera popanda timeneto.

Nanga inuyo mukakhala pa ndege yololeza, ndipo pali chinthu choti simungachilembe? Imbani magetsi ali oyaka, osati anthu atagona. Muuzeni wa pambali kuti pepani, mphindi imodzi. Phokoso la injini limatinyenga kuti tizikuwa, chonsecho winayo akumva bwino, ndiye lankhulani ngati muli m'chipatala. Nenani chimene mwaimbira, dulani. Moni wa banja lonse mmodzimmodzi adikire.

Uthenga wovuta

Amayi ena a ku mvano anandifunsa kuti, "Nanga kunyumba kukagwa zovuta ine ndili m'mwamba?" Limeneli ndi funso lenileni, ndipo amene amafuna kuti mafoni aziloledwa amaimira pamenepa. Sindiwanyoza.

Achimwene anga aja a ku Kasungu anatisiya ine ndili pakati pa Addis Ababa ndi London. Ndinawasiya akudwala, koma osati moti n'kuganiza zimenezo. Ndili pa Addis Ababa ndinalankhula ndi alamu pa wifi ya pabwalo, anati agona, adyako phala pang'ono. Ndinakwera, ndinaika flight mode, ndinagona. Uthenga unapita kwa mwana wanga ku England usiku womwewo. Iye anauza onse kuti pasapezeke wolemba pagulu la banja mpaka amayi atafika. Anandichingamira, ananyamula chikwama, anandilowetsa m'galimoto, tinafika kunyumba, anandikhazika pansi. Munali kale amayi awiri a ku Malawi a kumpingo kwawo, atavala zitenje. Nditangowaona ndinadziwa.

Ndakhala ndikuganiza kuti foni ikanalira 2 koloko usiku, kutatsala maola 5, ine nditamangidwa lamba pakati pa anthu awiri osawadziwa, ndikanalirira kuti? Ndege sikanabwerera. Kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Amatuma munthu, amayamba ndi "matenda aja akula," amaonetsetsa kuti pali wokugwira. Mwina wina akanakonda kumva nthawi yomweyo, kapena kutsanzikana ndi wodwalayo pa foni. Ameneyo ndi mtima wake, ndipo ngati mwasiya wodwala kwambiri, gulani wifi, wosankhidwa uja azikulemberani. Koma muzisankha nokha musananyamuke, osati kusiyira mwayi. Muuzeni momveka: zikavuta, uthenga upite kwa wondichingamira, kapena ubwere kwa ine. Ndipo ngati mwasankha kuti udikire, mukatera musathamangire kutsegula magulu a WhatsApp ndi ma status, chifukwa pamakhala msuweni mmodzi amene amaika chithunzi ndi kandulo ena asanamve.

Potera

Matayala akagunda pansi mumamva mafoni akulira mbali zonse ngati achule a dzinja. Dikirani alengeze. Makampani ena amalola kuchotsa flight mode ndege ikangochoka pamsewu wake woterapo, ena amafuna zitseko zitseguke kaye. Data roaming ikhalebe yotseka. Lumikizani wifi ya pabwalo, mabwalo akuluakulu ambiri ali nayo yaulere, ndipo uthenga munalemberatu uja upita wokha. Onaninso kuti wotchi ya foni yasintha, makamaka ngati mukukwera ndege ina, chifukwa foni imene yakhala pa flight mode imatha kukhalabe pa nthawi ya ku Lilongwe.

Pamzere wa pasipoti foni ibwerere m'chikwama. M'mabwalo ambiri pali zikwangwani zoletsa kuimba ndi kujambula pamalo amenewo, ndipo wofunsa mafunso sasangalala kuyankhidwa ndi munthu amene khutu lina lili ku Area 25. Ine ndimaimba ndikafika podikirira masutikesi, nditaima pambali, kutali ndi lamba wozungulira uja. Kale woyamba kuimbiridwa anali achimwene. Pano ndimaimbira alamu, ndipo chaka chilichonse funso lawo ndi lomwelo: "Kukuzizira kumeneko? Juzi ija mwavala?"